Mphenzi Inadikira Ameni

Amene akuti ndikunama aimirire, atchule dzina lake ndi mudzi wake. Ine ndinaphunzira ku mishoni, kumene bodza ankalichotsa ndi chikoti, ndipo ndine mkulu wa mpingo. Sindithira mchere m'nkhani.

Ana a ku yunivesite akuti atulukira mphira yodutsa magetsi, yothiramo timakala tosaoneka ndi maso. Atulukira chiyani? Ndinayamba ndine, kutchalitchi kwathu kumtunda kwa Malomo, chaka chimene akuba anadula waya wotsitsira mphenzi pansi.

Linali Lamulungu, anthu atadzaza, mitambo yakuda bii ikutsika phiri la Ntchisi. Ndinasungunula mphira zomangira katundu panjinga, n'kuthiramo mwaye umene ndinausefa mpaka nsabwe ikaima pambali pa kamwaye kamodzi inkaoneka ngati ng'ombe, n'kupota chingwe, n'kuchimangirira padenga. Lamulo lake nali: mphira ikakhala yolefuka, timwaye timagundana, moto umadutsa, mukaikoka timatalikirana, moto umasowa podutsa. Mukumva?

Ndili pakhomo, nsonga ya chingwe ili m'manja, ndisanaikwirire pansi, abusa anati, "Tipemphere." Tsono lamulo ndinaika ndekha: pa pemphero palibe kusuntha, palibe kutsegula maso. Ndinaima.

Phaa! Mphenzi inagwa pamalata n'kulowa m'chingwe, ikutsikira kwa ine, ndipo kumbuyo kwanga ana anali atakhala pansi pa simenti yonyowa, opanda nsapato. Ndinakoka mphira ija ndi mphamvu zonse, mphenzi inakanirira pakati, ikulira ngati njuchi m'mng'oma, ndevu zanga zitaima, mabatani a jekete akusungunuka, tambala wa pa mpanda akuwauka nthenga, koma abusa akupempherera odwala mmodzimmodzi, kenako boma, kenako fodya, kenako mvula imene inali itabwera kale! Mphira inayamba kung'aluka.

Ndinainong'oneza mphenziyo kuti, "Iwe, muno salowa pemphero lili mkati. Dikira."

Inadikira.

Abusa atangoti "A", ndinadumphira panja, n'kubaya chingwe pachulu, n'kuchisiya. Pofika pa "meni" mphenzi inali italowa pansi, ndipo chulu chija chinapsa n'kusanduka njerwa zimene tinamangira khonde. Palibe mwana anapsa ngakhale chala.

Mukufuna mboni? Palibe, ndipo ndimanyadira zimenezo, pakuti mumpingo wanga munthu satsegula maso popemphera. Inenso ndinali nditatsinzina. Amene anganene kuti anaona abwere kubwalo la akulu a mpingo, timuweruze.