Tsiku Limene Esinati Anasewera Ngati Ine

Ndinatsala pang'ono kulowa m'ndende chifukwa cha mwana wa zaka zisanu, ndipo mwanayo ndi wanga yemwe. Sekani ndithu, koma ine kuseka kwake ndinayamba patapita zaka.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa sikimu ya mpunga ku Wovwe, nditachokera kwathu ku Ntcheu. Anali masiku a chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ndipo pakamwa pakaterereka unkangosowa, abale osadziwa kokufunsira. Panja ndinali munthu wa "inde bwana". Koma ndikangotseka chitseko, eee, ndinkasanduka mkango (mkango wa m'nyumba, woopedwa ndi mphaka yekha).

Mwana wathu Esinati poyamba ndinkamuletsa kusewera ndi ana a pamenepo. Ndinkati amuphunzitsa mwano, mwana wa kalaliki. Mapeto ake anayamba kucheza ndi khoma. Mayi ake ndi amene anandidzudzula: "Bambo a Esinati, mwana si mbuzi yomangirira pachikhomo. Mlekeni apite kwa anzake." Ndinagonja. Pasanathe miyezi iwiri anali atadziwa kugawana, kukangana, kupepesa, ndi Chitumbuka chimene ine chinkandikanika.

Loweruka lina masana kunabwera a Msiska, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, kudzafunsa za madzi a kumunda kwawo. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango tikumwa tiyi. Chapafupi ana anali pa masanje. Anamanga msika, tomato wake wa dothi, ndipo pachipata panaima Tiwonge, mwana wa a Msiska omwewo, kandodo m'manja, akufunsa makhadi. Makhadiwo anali masamba.

"Mwaona, a Kalaliki?" anatero a Msiska monyadira. "Ana awa akukula bwino."

Ndinavomera ndi mutu wonse. Kenako ndinaona Esinati akuyandikira chipatacho, manja kumbuyo, mimba kutsogolo (mimba imeneyo ndimaikana mpaka lero, koma mayendedwewo anali anga).

"Khadi!" anatero Tiwonge.

Esinati anayamba wakhosomola kaye monga ndichitira ine. "Khadi, khadi, tsiku ndi tsiku khadi! Kodi khadi limeneli ndi ndiwo? Mawa adzati nkhuku nazo zigule. Mbava zokhazokha!" Ndiye n'kutembenukira mnzake wina: "Mayi a Esinati, tatsekani zeneralo."

Amayi ine! Tiyi anandituluka m'mphuno.

Nzeru yoyamba inali kutsokomola kwambiri kuti mwina a Msiska aiwale zomwe amva. Anangondidikira mpaka ndinamaliza. Nzeru yachiwiri ndiye inali yauchitsiru zedi. Ndinaseka chiseko chouma n'kunena kuti, "Ana inu! Zimenezi amatola kwa anzawo kunoko."

A Msiska anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Anzake ati, a Kalaliki? Amene amasewera naye tsiku lonse ndi mwana wanga."

Pofuna kuzimitsa moto ndinali nditauthira palafini. M'malo mokhala chete, ndinaitana Esinati, ndikumutuzulira maso kuti mwina anene kuti analota. "Iwe, zimenezi wazimva kuti?"

"Kwa inu, ababa. Dzulo, mukuvula nsapato."

Kunena zoona, ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. M'maso mwanga ndinaona galimoto ya apolisi itaima pakhomo, ndi mayi a Esinati akubwerera ku Ntcheu ndi mtolo pamutu, mwana kumbuyo. Dzanja langa linakwera lokha, ndipo Esinati anangondiyang'ana, osadziwa chimene walakwa.

Apo Tiwonge anathamanga n'kuima kutsogolo kwa mnzake. "Mungamutimbanga yayi!" anatero. "Adada nawo ŵakuyowoya ntheura pala ŵali mu nyumba."

Chitumbuka changa chinali chosauka, koma tsiku limenelo ndinamva liwu lililonse: musamumenye, bambo anga nawonso amayankhula zomwezo akakhala m'nyumba.

Ine kuyang'ana a Msiska, a Msiska kuyang'ana kumwamba. Kenako anati, "A Kalaliki, mango chaka chino abereka bwino."

"Kwambiri, a Tcheyamani," ndinayankha. (Unali mwezi wokolola mpunga, mumtengomo munalibe ngakhale duwa.)

Anamaliza tiyi wawo, anagwira Tiwonge padzanja n'kumapita. Nkhaniyo sitinaitchulenso, ndipo galimoto ija sinabwere.

Munthu wanzeru akanaphunzirapo kuti mwana amakula ndi zimene amaona kwa makolo, ndi kuti mnzake wa pa masanje akhoza kumuteteza kuposa bambo ake omubereka. Ine ndinaphunzira zina. Ndinangosiya kuyankhula m'nyumba. Ndikaweruka, moni, kudya, basi. Esinati akafunsa kanthu, ndinkayankha ndi mutu, ndipo ndinkadziona ngati wochenjera.

Patapita milungu ingapo ndinawapezanso anawo pa masanje. Ena akuphika, ena akubereka ana a zitsononkho, koma Esinati atakhala payekha pa njerwa, manja atapinda, maso pansi.

"Iwe, bwanji sukusewera?" anamufunsa Tiwonge.

"Ndikusewera," anatero mwana wanga. "Ndine ababa."