Ndani akugogoda m'mapaipi?

Anzanga, ine chinthu chikawonongeka m'nyumba sindiimbira munthu foni, ndimapinda malaya. Kwathu ku Ntcheu ndinkakonza mawailesi ndi njinga, ndiye ndifike kuno ku Coventry ndiziopa hitala yofunditsa nyumba? Ayi ndithu.

Nkhani inayamba apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, atabwera kuchokera kumudzi kudzatithandiza kulera khanda lathu, Tadala. Tinawapatsa chipinda cham'mwamba. Nyumba za dera lathu lino la Foleshill mukuzidziwa, masitepe ake ndi opapatiza, anthu awiri sangapatukirane. Ndipo apongoziwo ndi achikale zenizeni, moni amandipatsa atayang'ana kumbali, ndikalowa pabalaza iwo amatuluka. Ine mumtima ndinatsimikiza kuti akamabwerera azikanena kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mwamuna wodziwa kusamala nyumba, osati wongodziwa kusambitsa nkhalamba kuntchito basi.

Sabata yomweyo mapaipi anayamba. Ndikangoweruka shifiti yam'mawa, mayi a Tadala ali kuchipatala komwe amagwira unamwino, ndingomva gu! gu! gu! Phokoso likutsika ndi paipi ya pamasitepe. Ine liwiro kukaima pamasitepepo, khutu pakhoma. Zii. Ndikadikira pang'ono liyambirenso, mwaukali kuposa poyamba, GU! GU! GU! Ndinati iwe paipi, tiona kuti mwamuna ndani m'nyumba muno. Mkazi wanga sindinamuuze. Ndimuuze kuti aziti ndalephera, mayi ake ali pomwepo?

Ndinayamba ndi boila, chimakina chotenthetsa madzi a m'mapaipiwo. Kasingano kake kanali pobiriwira, palibe vuto. Ndinakulunga paipi ndi masokosi akale kuti isamagunde khoma, gu! gu! gu! Tsiku lina ndinazimitsa boilayo masana onse, nyumba kuzizira mpaka mano kugwedezeka, koma mapaipi osaleka. Tamverani, boila yozima, mapaipi n'kumagogodabe! Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kuganiza. Ine ndinangoti matendawa ndi aakulu, akufunika sing'anga wamkulu, ndipo sing'angayo ndine.

Kuntchito ndinamunong'oneza Mwansa, mnzanga wa ku Zambia. Iye anati, "Mudala, iyo ni air chabe. Ugule ka key, uchite bleed ma radiator yonse. Upotokole pang'ono chabe, vizasila."

Ndinamva kuti akuti ndikatulutsa mpweya m'maredieta, zitsulo zofunditsa zipinda zija, phokoso litha. Kakiyi ndinagula. Redieta ya pabalaza, psss, mpweya kutuluka. Ya kukhitchini, psss. Ya kubafa, ya kuchipinda kwathu, zonse ndinamaliza. Mawa lake, gu! gu! gu! Inatsala imodzi yokha, ya kuchipinda kwa apongozi. Mkamwini kulowa kuchipinda kwa apongozi, munamvapo kuti? Komatu ndinali nditafika poti kubwerera kunali kutali.

Loweruka masana mayi a Tadala anatenga amayi awo ndi mwana kukagula therere ku Foleshill Road. Chitseko chitangotsekeka, ine nyang'anyang'a kukwera, kabudula ndi vesiti basi, kakiyi m'manja. Pa redietapo anali atayanika bulauzi yawo yoyera ndi duku, zovala za amayi a kumpingo, zoti avale mawa lake. Ndinangozikankhira kumbali pang'ono. Mwansa anati ndipotokole pang'ono, koma ine ndinaganiza kuti phokoso lalikulu limafuna kupotokola kwakukulu. Ndinapotokola, kupotokola, kupotokolanso, kenako kasikuluwu kotseka pakabowo ka mpweya thothoo! Kugwa pansi, kugubuduzika mpaka kunsi kwa bedi.

Mayo ine! Madzi akuda bii, onunkha ngati a m'ngalande, kuthovoka molunjika pa bulauzi yoyera ija. Ndinatseka kabowoko ndi chala chachikulu, madzi ake otentha, misozi lengelenge, koma kuchotsa chala sindingathe. Ndinagwada bondo limodzi, mwendo winawo ndautambasulira kunsi kwa bedi kusakasaka kasikuluwu ndi zala zakuphazi. Ndinakoka chinthu, kuona ndi mthiko, nsonga yake yophwanyikaphwanyika. Ndikudabwa kuti mthiko ukutani kuchipinda, chitseko chinatseguka.

Apongozi atandiona anangoti "Kalanga ine!" n'kugwada pakhomo pomwepo, nkhope kukhoma. Mkazi wanga kumbuyo kwawo, mwana kumsana.

"Bambo a Tadala, mukutani ku bedroom kwa amayi? Mu vest?"

"Ndikukonza banging ija, bweretsani tawulo msanga!"

"Banging yake iti?"

"Ya m'mapaipi! Gu gu gu tsiku lililonse, two weeks tsopano!"

Madzi ankangodontha m'chigongono changa. Kenako apongozi, osatembenuka, analankhula chapansipansi kwa mwana wawo.

"Uwauze bambowa kuti amagogoda uja ndine, ndimamenya paipi ndi mthikowo. Ndimati odi, andipatukire pamasitepe nditsike ndikamwe tiyi. Koma ndikagogoda, iwo ndiye amathamanga kudzaima pomwepo, khutu pakhoma. Ndikawonjeza mphamvu, iwo osasuntha. Tsiku lina anandizimitsiranso moto, ndinkati kapena ndawalakwira."

Anzanga, manyazi amapha, koma tsiku limenelo anangondisiya wamoyo kuti ndiwamve bwino. Mkazi wanga kuseka mpaka kukhala pansi. "Ndinakuuzanitu tsiku loyamba lomwe kuti amayi akagogoda muzichoka pa stairs! Munali pa mpira, munangoti eya eya." Kasikuluwu anakapeza ndi apongozi omwewo, n'kupatsira mwana wawo kuti andipatse, maso ali kumbali.

Lamulungu anapita kutchalitchi atavala diresi la mwana wawo, amayi anzawo onse ali mbuu zoyera. Nkhani inafika kumudzi kapeti isanaume, ndipo ndikumva kuti ku Ntcheu konse dzina langa tsopano ndi Injiniya.

Apongozi anabwerera mwezi watha. Dzulo boila itayaka, mapaipi anachitadi gu! gu! okha, ine ndinangopezeka ndaima kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, manja kumbuyo, ndikuti, "Tsikani amayi, njira ilipo!" Kakiyi kaja ndinakamubwezera Mwansa ngakhale sikanali kake. Kuyambira pano, chinthu chikagogoda m'nyumba mwanga ndiyambe ndachifunsa kuti ndani, ndipo mkazi wanga akamalankhula, mpira uzidikira.