Tambala Amene Ndinafika Naye ku Katete

Lolemba

Ndafika ku Katete! Sabata yachitatu ya ulendo wanga. Zaka zonse zija ndikujambulira ana mapu a Zambia pabolodi ku Vubwi, ine mwini osaponda malo ambiri a pamapupo. Tsopano ndapuma pantchito, ndi nthawi yanga. Chadiza ndamaliza. Pano ndikhala sabata imodzi kwa Esinati, mnzanga wa ku koleji amene anasiya choko kalekale n'kuyamba kugulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, pamsika. Kenako Sinda, Petauke, Lusaka, mpaka ndikanyowe ndi mathithi ku Livingstone.

Zoti ndione kuno:
1. Phiri la Mphangwe. Kukwera, kujambulitsa pamwamba.
2. Mkaika, kumene kumachitikira mwambo wa Kulamba. Ndaphunzitsa za malowa mpaka kusasa mawu.
3. Msika wonse, mwaphee, ngati mlendo.
4. Ayisikilimu wotuluka m'makina.

Sindinafike chimanjamanja. Potsanzikana ku Chadiza achimwene andipatsa tambala wofiira, wa lipombo lalikulu. Ine mumtima: basi, mphatso ya Esinati yapezeka. Sakudziwa kuti ndi yopatsidwa kale, ndipo sadzadziwa.

Esinati akumulandira ndi manja awiri. "Iwe, wavutikiranji?" Kenako akucheuka kumbuyo. Kawiri. Akumulowetsa msanga kuchipinda n'kumuvundikira ndi dengu.

Potuluka kukasamba ndi pamene ndikuona katoni yokhomedwa pageti. Malamulo a eni nyumba, a Sakala. Osachapa pafupi ndi dimba. Osakweza wailesi. OSAWETA CHIWETO CHILICHONSE, zilembo zazikulu, mzere pansi.

Ndikufunsa Esinati. Akuti amene ankakhala muno iye asanalowe anachotsedwa chifukwa cha abakha awiri. Awiri okha! Esinati ndi wamasiye, mawondo amamuvuta, ndipo nyumba ya lendi yoti n'kuyenda wapansi kupita kumsika sipezeka wamba.

"Usadandaule," akutero.

Ndikudandaula.

Lachiwiri

Kusanayere bwino, bwanayo wayamba. Mawu ake, abale! Ku Chadiza ndinkawatama mawu omwewa. Ndikumuponyera bulangeti pamwamba pa dengu. Akulira pansi pa bulangeti. Ndikutsokomola mokweza kuti ndimuphimbe. Palibe chifuwa chimene chingapose tambala.

Gogogo pachitseko. A Sakala. Munthu wamtali, wowonda, kheni yothirira m'manja.

"Ndamva tambala."

Esinati osaphethira n'komwe: "Ndi foni ya alendo, bambo. Alamu."

A Sakala akundiyang'ana. Ine, mphunzitsi amene ndakhala ndikugwaditsa ana chifukwa cha bodza, ndikukweza foni m'mwamba n'kugwedeza mutu. Akuti, "Muichepetseko voliyumu, amayi." Apita.



Ndikumuuza Esinati kuti timuphe lero lomwe, tidye, nkhani ithe. Wakana kwamtuwagalu. "Ndikuphere nkhuku yomwe wabwera nayo wekha? Ndiye kuti wadziphikira wekha ndiwo pakhomo panga? Anthu akamva ati chiyani?" Anthu ake ati? Tili awiri m'nyumba muno! Sakumva. Masana wabwera ndi nkhuku ina yogula, yososola kale, yoti alandirire mlendo. Tikudya nkhuku, tambala akutiyang'ana m'mipata ya dengu.

Kuphiri sindinapite. Esinati ali kumsika, ndiye wina ayenera kukhala ndi iyeyu. Ndapeza kuti ndikamupatsa chimanga pang'onopang'ono amakhala chete. Tsiku lonse, njere imodziimodzi.

Zimene ndaona ku Katete lero: khoma la kuchipinda, kalendala ya chaka chatha, zitosi.

Lachitatu

Alamu yalira kanayi. A Sakala akuthirira repu wawo pansi pa windo lathu penipeni. Akuima. Akumvetsera. Ine ndikupemphera chamumtima, dzanja langa pamlomo wa tambala.

Nzeru yatsopano: ndikamugulitse kumsika Esinati asakudziwa, ndidzati wathawa. Ndipo msika uli pa mndandanda wanga. Zinthu ziwiri nthawi imodzi!

Ndamulowetsa m'chikwama chachikulu cha mizeremizere, chitenje pamwamba. Pageti a Sakala: "Mwayamba kuona tauni yathu?" Chikwama chikugwedezeka. Ndikuchigwedeza kwambiri ndekha kuti zioneke ngati ndi kayendedwe kanga.

Msika sindikuuona. Ndikungoyang'ana pansi, kufunsa kogulitsira nkhuku. Ndafika. Mayi wina akumunyamula, kumuyesa kulemera, kumupanikiza pachidale. Akuti ndi wabwino. Tikuyamba kumvana.

Kumbuyo kwanga: "Iwe."

Esinati. Benchi yake ya salaula ili pomwepo, kuseri kwa makola a nkhuku. Ndikanadziwa bwanji? Waima, siketi ya kasitomala ili m'manja.

"Mphatso yanga ukugulitsa?"

Sakukalipa. Bola akanakalipa. Akuti chimwalirireni amuna ake palibe amene anamubweretserapo ngakhale dzira, anthu amangobwera kudzatenga. Akuti akufuna amusunge mpaka Khirisimasi, ana ake akadzabwera kuchokera ku Lusaka, adzawauze kuti uyu anachokera kwa mnzanga wa ku Vubwi, anamusankha yekha m'khola mwake.

M'khola mwake! Manyazi andigwira mpaka kumapazi. Sindinamuwongole.

Tambala wabwerera m'chikwama. Ayisikilimu ndamudutsa, manja onse anali otanganidwa.

Lachinayi

Lero mtima uli m'malo pang'ono. Esinati wakumbukira azakhali ake amene amakhala mudzi wina kufupi ndi Mkaika. Ali ndi khola. Akamusunga mpaka Khirisimasi! Ndipo ine ndikaona Mkaika! Ndavala diresi langa labuluu, foni ndatchaja yodzaza.

Njinga yamoto. Ine kumbuyo, chikwama pamiyendo, mutu wa tambala uli panja ukuona dziko. Minda ya thonje yokolola kale, mitengo ya mango, ana akutibayibitsa. Iye akusangalala kuposa ine.

Tafika. Azakhali akutilandira bwino, mpando, madzi akumwa, malonje. Ndikutsegula chikwama. Nkhope yawo yasintha pomwepo.

"Ameneyu wachokera kuti?"

Ndikuti ku Chadiza. Pakamwa pandipereka, koma mwayi Esinati palibe.

"Wadutsa pamsika?"

Ndikuti pang'ono chabe.

"Tsekani, amayi, tsekani msanga!" Akuti chaka chatha chitopa chinapulula nkhuku mudzi wonse, chinabwera ndi nkhuku ya mlendo ngati yomweyi. Anthu anapangana kuti nkhuku yachilendo isatsike pansi m'mudzi muno. Ana akuthamangitsa nkhuku zawo kuzipititsa kuseri ngati ndabwera ndi fisi. Mayi wina woyandikana nawo waima patali, manja m'chiuno.

Sindingawatsutse. Kwathu ku Vubwi ndikanachita chimodzimodzi.

Ndikupempha wa njinga kuti tingodzera ku bwalo la Kulamba, ndingoona ndi maso. Akuti ali ndi wodwala woti akamutenge, tachedwa kale ndi malonje. Akuloza ndi chibwano: "Ndi uko, kuseri kwa mitengo iyo."

Ndajambula mitengoyo.

Pobwerera a Sakala ali pageti. "Chikwama ichi simusiyana nacho, eti?" Ndikuseka. Iwo sakuseka.

Lachisanu

Zathina.

Ndangokweza dengu pang'ono kuti ndisese pansi pake. Pang'ono chabe! Chitseko chinali chotsegula kuti fungo lituluke. Psuu, wapita.

Sanathawire kumsewu, kumene minibasi ikanatithandiza. Walunjika kudimba. Osati pa repu wamkulu ayi, koma pa nazale, timbande tating'ono timene a Sakala amatiphimba ndi udzu m'mawa uliwonse ngati makanda. Akupalasa ndi miyendo yonse iwiri. Dothi likuuluka.

Ine pambuyo, tsache m'manja, chitenje chikumasuka. "Shii! Shii!" motsitsa mawu, ngati kunong'ona kungathandize kanthu. Ndapondanso mzere wa anyezi. Iye wadumphira pamwamba pa thanki ya madzi, wakupiza mapiko, walira kamodzi kokweza kuti Katete yense amve.

A Sakala atuluka. Sakuthamanga. Akuyenda mwakachetechete, dzanja limodzi gwi pamiyendo ya tambala. Akumutembenuza chadodolido, akubwera naye kwa ine.

"Amayi, foni yanu iyi?"

Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika.

Akuyang'ana nazale nthawi yaitali. Kenako: "Muwauze amake Chisomo kuti ndikufuna tikambirane za nyumba." Amake Chisomo ndi Esinati. Za nyumba!

Madzulo ndamuuza Esinati zonse. Wakhala pamkeka akupinda zovala za salaula zimene zinali zopinda kale. Akupinda, akufunyulula, akupindanso. Kenako akufunsa, osati kwa ine kwenikweni, ngati mabelo angakwane pa wilibala kapena pafunika ngolo.

Ndalephera kudya. Ndinabwera kudzaona phiri, ndipo ndikuchotsetsa mnzanga m'nyumba. Amati mlendo ndi mame. Mame ake ati owononga chonchi?

Tambala wadya bwinobwino.

Loweruka

Sindinagone. M'mawa ndamuuza Esinati zoona zake zonse: sindinamusankhe m'khola mwanga, khola ndilibe, anandipatsa achimwene ku Chadiza ndipo ndinangomupitiriza. Ndati andilole ndikamupereke kwa a Sakala ngati chipepeso, popeza mwini wake tsopano ndi iye.

Esinati akuti: "Ndiye masiku onsewa ndikufera tambala wa achimwene ako?" Kenako: "Tenga. Usanandipsetse mtima."

Diresi labuluu. Ndagwada pakhonde pa a Sakala, mawondo akulira ngati chitseko chakale. Ndalankhula ngati pamsonkhano wa makolo: kuti wolakwa ndine, kuti bodza la foni ndinavomereza ndine, kuti amake Chisomo anangochita ulemu wolandira mphatso, kuti mawa ndikuchoka. Ndapereka tambala ndi manja awiri.

Alandira. Amuyesa kulemera. Akuti, "Ndamva."

Basi! Ndamva! Ndamva kutanthauza chiyani? Akhala kapena achoka? Sindingafunse, munthu wopepesa safunsa mafunso.

Ndapempha khasu. Tsiku lonse ndili m'dimba mwawo:
- kukonzanso bedi la nazale
- kufesa mbewu zina za repu
- kudzutsa anyezi amene ndinaponda
- kutunga madzi, makheni osawerengeka

A Sakala akhala pampando akundiwongolera. "Motalikitsa pang'ono, aphunzitsi." Tambala wamangidwa mwendo ku mtengo wa gwafa, pamthunzi. Ine padzuwa.

Nditaweramuka kuti ndiwongole msana, ndikuliona phiri la Mphangwe patali, pamwamba pa denga la chimbudzi. Lokongola ndithu. Foni inali m'nyumba.

Esinati wayamba kulongedza mbale m'katoni. Ndikumuuza kuti adikire. Akuti bola kukonzekeratu.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndimangoyang'ana kumbuyo kwa mutu wa a Sakala, mabenchi atatu kutsogolo, kuyesa kuwerenga maganizo awo. Mutu wa munthu suwerengeka chakumbuyo.

Tabwerako. Chikwama changa chili pakhomo. Esinati wandikulungira mbatata yootcha ndi mtedza wa panjira. Tonse tikulankhula za nyengo.

A Sakala akubwera, akadali m'jekete la kutchalitchi, dzanja limodzi kumbuyo.

"Amake Chisomo, zaka zonsezi simunandivutepo. Khalani. Koma bodza lija lisabwerezedwe."

Esinati wakhala pansi pomwepo, pa sitepe. Akuombera m'manja, misozi ikutsika. Inenso m'maso mwadzaza. Ndikuthokoza, ndikuthokozanso, mawu akuthamangitsana.

Sanamalize. "Koma lamulo ndi lamulo. Chiweto pakhomo pano ayi, ngakhale changa. Ndipo inu aphunzitsi mwandilimira tsiku lathunthu. Mlendo wotere sachoka chimanjamanja."

Dzanja lija likuchoka kumbuyo.

Miyendo yomangidwa bwino ndi luzi. Lipombo lomwe lija. Diso lomwe lija.

Mphatso sakana. Ndagwada, ndalandira ndi manja awiri. "Mwavutikiranji, bambo?" Ndipo ndadzipeza ndikucheuka kumbuyo. Esinati waona. Waseka mpaka kugona chammbali pa sitepe, misozi ya kulira ndi ya kuseka yasakanikirana. Pondiperekeza kusiteji akungobwereza, "Kupatsa n'kuika, mnzanga. Waika Loweruka, watenga Lamulungu." Pokwera wandigwira dzanja nthawi yaitali. Akuti ndidzabwerenso, koma ndidzabwere ndi shuga.

Tsopano ndili m'minibasi ya ku Sinda, ndikulemba pabondo. Mndandanda wanga:
1. Mphangwe: pamwamba pa chimbudzi.
2. Mkaika: mitengo.
3. Msika: makola a nkhuku.
4. Ayisikilimu: ayi.

Iye ali pamiyendo panga, mutu pawindo. Waona Chadiza, msika wa Katete, njira ya ku Mkaika, ndipo wakwerapo pamwamba pa thanki. Kondakitala akufunsa ngati tonse awiri tikutsikira ku Sinda. Ndati inde.

Ku Sinda ndikafikira kwa Agnesi, mnzathu wina wa ku koleji. Sindingafike chimanjamanja. Ndamutumizira uthenga kumufunsa ngati nyumba imene akukhalamo ndi yakeyake kapena ya lendi.

Sanayankhe.