Malo a Galimoto Zitatu pa Bwalo la Amalume

Lolemba
Chifunga pa Namwera, kamphepo kozizira kochokera kumapiri. Basi ya ku Chiponde ikuliza hutala pa siteji, kuseri kwa mpanda wathu.

Amalume amaliza kumanga mdadada wa zipinda za lendi yotchipa. Onse amene alowamo ndi othawa nkhondo ku Mozambiki. Kutsogolo kwatsala bwalo, ndipo alemba mizere ya layimu: malo a galimoto zitatu. Akuti ku Limbe nyumba zimatero. Ine ndikufuna gowelo langa pomwepo. Mayeso ali pafupi, koma ndimagona ndi matumba a fodya, kuwerenga kwake nkoyetsemula.

Pangano: pakapanda kuima galimoto mpaka Lamulungu, malowo ndi anga. Ndapambana kale! Angagule galimoto ndani basi ili pakhomo?

Lachiwiri
Galimoto: palibe. Njinga: zinayi. Wilibala ya a Fernando a chipinda chachiwiri. Amalume: "Ili ndi tayala kapena ilibe?" Ndakana. Tagwirizana kuti galimoto ndi ya injini. Ndakhoma chikhomo pa ngodya ya gowelo.

Lachitatu
Amayi a m'zipindamo ayanika ufa wachikasu wa chithandizo, aliyense pakati pa mizere yake. Akuti layimu wathetsa mikangano ya mphasa. Akuthokoza amalume, amalume akuyenda chifuwa patsogolo. Sizili bwino.

Lachinayi
Mbuzi! Wina waimangirira pa chikhomo changa, yatafuna chingwe choyezera maziko. Mwini wake wakwera basi, akuti abwera "mawa, inshallah".

Lachisanu
Basi yachedwa. Azibambo oidikira aona malo osesedwa bwino, avula nsapato, aswali, kupemphera pomwepo. Mkulu wina wandiitana: "Mwanawe, mizereyi yakhota, sikuloza ku Maka." Amalume akuganiza zoilembanso.

Loweruka
Basi yafera pa siteji. Anthu aikankha kuichotsa mumsewu, ndipo malo osalala ndi athu okha. Yadzaza onse atatu, mphuno pafupi ndi khonde. Ndatsutsa, ndati injini sikulira. Kondakitala: "Iwe mphwanga, injini ilimo, yangogona." Amalume aseka mpaka kofia yagwa.

Lamulungu
Makaniko sanabwere. Basi ilipobe, nkhuku zili pansi pake. Amalume akuti ndaluza, komabe ikachoka aumba njerwa, chipinda chimangidwa. Ndatsala pang'ono kuvina. Kenako ndamva kuti si changa.

Masana afika wapansi kuchokera kumalire mayi aang'ono, Abiti Saidi, amene anakwatiwa ku Mandimba, ku Mozambiki, ine ndisanabadwe. Chipinda chija chidzakhala chawo. Ana atatu, awiri mwa iwo anyamata, mtolo umodzi, wailesi yopanda mabatire. Amuna awo sanabwere nawo, ndipo palibe wafunsa. Apumira m'basi, pa mpando wa kutsogolo. Ndasuntha matumba a fodya. Anyamata awiriwo azigona nane.