Galimoto ya Malemu ndi Mchenga wa aNaphiri

Lolemba

Kwatsala masiku asanu. Loweruka mwana wanga Tadala akukwatiwa, ndipo kutchalitchi akupita pa galimoto ya bambo ake. Ndatero, sindibweza mawu.

Malemu anamulonjeza mwanayu akadali kupulayimale kuti tsiku la ukwati wake adzamuperekeza okha pa galimotoyi. Iwo anatisiya chaka chatha, lonjezo linatsala ndi ine pamodzi ndi makiyi. Akuchimuna ankafuna kubweretsa galimoto yonyezimira ya hayala kuchokera ku Lilongwe. Ndinakana pamaso pa ankhoswe onse, mokweza, chala chili m'mwamba. Pano mudzi wonse ukudziwa.

Ndi yakale, inde. Inafika pakhomo pano Tadala asanabadwe. Koma imalira ukangopotokola kiyi, ndipo lero lomwe yandifikitsira madengu a usipa ku Chipoka. Mavuto ake ndi aang'ono:

- fungo la nsomba
- ndikaliza huta, mawaipa ndi amene akuyenda
- ndikayatsa indiketa ya kumanzere, huta ikulira, koma pansipansi, ngati mbuzi ya chimfine
- chitseko cha kumbuyo chimafuna bondo

Ukwati wopanda huta anthu angauyese maliro. Ndiitana a Saidi, amene amakonza injini za maboti kugombe. Ntchito ya ola limodzi imeneyi.

Tadala sindimuuza. Mwanayu anakulira pansi pa galimotoyi, kupatsira bambo ake masipanala, ndipo akangomva athamangira kuno. Sabata ino ali kwa mkulu wanga ku Chinguluwe, alangizi akumulangiza za banja. Akhale konko, zikhadabo zake ziyere.

Lachiwiri

Mulungu andikhululukire, lero ndatsala pang'ono kumenya mlamu wanga.

M'mawa ndapita kwa atelala kukayesa diresi. Ndasiya mawu kwa aNaphiri, mlongo wa malemu: "Alamu, mutsuke galimotoyi, fungo la usipa lichoke." Mawu anga ndi omwewo basi. Ine ndimanena mipando, magalasi, matayala.

Ndikubwera masana, boneti ili yasa! Amayi asanu a kumpingo akuimba nyimbo, ndowa za madzi a kunyanja zili mbwee. Injini yonse aikwecha ndi mchenga ndi phulusa ngati mapoto a pa chinkhoswe. Ikuwala moti ndikudziona nkhope. Mawaya anayi akuda opita ku mapulagi awazula, awachapa ndi sopo, awayanika pa chingwe pafupi ndi matewera a mwana wa aneba, kenako awabwezera mmene iwo aonera kuti akukongola.

"Alamu, achimwene anali munthu wabwino, koma uve!" akutero aNaphiri, akupukuta thukuta. "Panali kadontho kofiira chapa, kouma gwa. Ndakanda ndi mpeni mpaka kachoka."

Ndapotokola kiyi. Nye-nye-nye-nye. Ndapotokolanso. Nye-nye-nye.

Ndawathokoza amayiwo. Ndawapatsa thobwa. Ndalowa m'bafa, ndatukwana khoma.

Lachitatu

A Saidi afika ndi thumba la masipanala. Asuzumira mu injini, avula kofia, aivalanso.

"Subuhanallah! Mayi, wachita izi ndi mdani wanu?"

Ndati ayi, ndi wachibale.

Akuti madzi alowa mu disitiributa, kachitsulo kamene kamagawira moto ku mapulagi. Aichotsa, aiyanika pa thandala pakati pa usipa wanga. Amphaka a mudzi uno aizungulira tsiku lonse.

Chakumadzulo yauma. Pofuna kuibwezera, a Saidi akuzunguza mutu uku ndi uku. Akufuna chizindikiro. Akuti kachitsuloka sikangolowa chilowelowe, kali ndi malo ake enieni, kuti moto uzifika pa nthawi yake, osafulumira, osachedwa. Imeneyo ndiye taimingi. Eni magalimoto akale amaika kadontho kuti asasokere.

Kadontho!

Ndangokhala pansi pa mchenga. Ndakumbuka chaka chija malemu ananditengera kyutekisi wanga wofiira wopaka zikhadabo, kabotolo kamodzi kokha kamene ndinali nako, n'kubwera nako kali mafuta okhaokha. Ndinawanyanyalira masiku atatu. Sananene chimene anachita nako, ine ndi mkwiyo wanga sindinafunse.

Ndaitana aNaphiri kuti aloze pamene panali kadonthoko. Aloza malo atatu, onse motsimikiza.

"Tiyesa ndi khutu, Inshallah," akutero a Saidi. "Koma mudziwe Mayi, ine injini zanga zimakhala pamadzi."

Za huta palibe wakumbuka.

Lachinayi

Kuyesa ndi khutu n'kotere: ine ndikhale pa chiwongolero kupotokola kiyi, a Saidi azitembenuza disitiributa pang'onopang'ono, akumvetsera. Zotsatira zake:

- koyamba, kutsokomola
- kachiwiri, utsi wakuda, aNaphiri aombera m'manja
- kachitatu, PHUU!

Nkhuku zauluka kudumpha mpanda. Akazi a aneba agona chafufumimba pa khonde. Anthu athamanga kuchokera kugombe kudzafunsa kuti waomberedwa ndani. Nsidze ya kumanja ya a Saidi kulibe.

Kachinayi batire latha. Ndalitumiza pa kabaza kokatchajitsa. Kumeneko magetsi anazima m'mawa. Nanga akadayaka lero chifukwa chiyani, popeza ndine ndikuwafuna?

Mwamuna aliyense amene anakwerapo minibasi lero ndi makaniko. Azungulira boneti manja ali kumbuyo. "Ndi fyuzi imeneyo." "Petulo wake ndi wa m'zigubu, amathira madzi." "Ya amalume anga inkatero, anaigulitsa." Mkulu wina wa kumpoto kwa mudzi akuti malemu akwiya chifukwa injini yatsukidwa iwo osauzidwa. ANaphiri avomereza msangamsanga, poti mlandu ukuchoka pa iwo kupita kumanda.

Tadala waimba foni. "Amayi, galimoto ya adadi ili bwino?"

"Ikuwala, mwanawe."

Sindinaname. Ndikuopa. Ndilembe pano poti palibe woti ndimuuze.

Lachisanu

Batire labwera, akuti latchajidwa theka. A Saidi alimbana nayo mpaka masana, kenako asamba, apita ku Ijumaa. Ndawapempha kuti akandipemphererekonso, pano sindikusankha.

Atabwerako akuti tiikankhe, mwina idzidzimuka. Pa mchenga wa kunyanja! Amuna asanu ndi awiri aikankha kuchokera pakhomo mpaka pa mtengo wa mango. Kuchokera pa mango mpaka pakhomo. Yatsokomola kamodzi. Okankhawo adya usipa wanga theka la dengu.

Nkhani yabwino: a Saidi apeza waya wodyedwa ndi makoswe kuseri kwa chiwongolero, aulumikiza. Huta ikulira! Ikulira mwamphamvu moti ikumveka mpaka ku njanji. Ndiye ndili ndi huta ya mtengo wapatali yokhala ndi matayala anayi.

Ankhoswe akuchimuna aimba. "Mayi, tamva kuti kumeneko kunaphulika kanthu. Galimoto ya hayala ija ikadalipo."

Ndayankha kuti kunaphulika tayala la njinga, ndipo galimoto yathu ili bwinobwino. Pakamwa pangapa! Ndikanatha kungoti zikomo. Koma ndikaganiza Tadala akutsika m'galimoto ya eni, ya bambo ake ili pansi pa mtengo itafunditsidwa lona, mtima ukukana.

Madzulo alangizi abwera naye atamufunditsa chitenje, amulowetsa m'nyumba molunjika. Ine ndinali nditakulunga kale boneti yonse ndi maliboni ndi mabaluni kuti wina asayerekeze kutsegula.

Anthu ali kuseri kusenda anyezi, ndalowa m'galimoto, ndatseka chitseko. Ndati, "Bambo a Tadala, zaka zonsezi mumandiuza za mpira, za ndale, za mvula. Kadontho kokhako simukadandiuza?" Ndalira pang'ono. Chigongono chagunda huta, anthu onse atulukira.

Loweruka

M'mawa ndayesa komaliza, nditavala kale diresi. Nye-nye. Nye. Basi.

Nzeru yachokera kwa a Saidi, Mulungu awabwezere nsidze yawo. Atsikira kugombe, abwera ndi asodzi khumi ndi awiri ndi chingwe chokokera khoka. Amanga kutsogolo kwa galimoto. "Mayi, munalonjeza kuti apita pa galimotoyi. Simunalonjeze kuti injini izilira."

Ndiye tanyamuka. Ine pa chiwongolero. Tadala kumbuyo, velo kumaso, mutu pansi monga anamulangizira, kuti mkwatibwi saseka, sayankhula, sayang'ana uku ndi uku. Kutsogolo asodzi akukoka, akuimba nyimbo yawo ya pa khoka, mapazi akugunda pamodzi. ANaphiri patsogolo penipeni ndi nthungululu, ngati galimotoyi anaipanga ndi iwo. Ine huta, huta, huta, kuti manyazi asamveke.

Pa mchenga wa pafupi ndi mjigo tatitimira. Atsikana operekeza mkwatibwi avula nsapato, akankha.

Tachedwa ndi ola lathunthu. Abusa ali pa khomo, akuyang'ana wotchi. Alendo a ku Lilongwe atulutsa mafoni kujambula. Ndamva mayi wina wa chipewa chachikulu akuti, "Mwambo wa kunyanja ndi wokongola bwanji!" Ndangogwedeza mutu. Akafuna akauyese kwawo.

Njira yonse pa kagalasi ndimaona mapewa a Tadala akugwedezeka. Kaya amaseka kaya amalira, velo linabisa. Ndikumutsegulira chitseko ndi bondo, wanong'ona osadzutsa mutu:

"Amayi, ndani wagwira injini ya adadi?"

"Mkwatibwi sayankhula," ndatero.

Ukwati wayenda bwino. Mpunga unakwana. Pobwerera asodzi anali atakhuta, galimoto yafika pakhomo mokhotakhota.

Lamulungu

Thupi lonse likuwawa, ngati ndimakoka ndine.

Chakumasana Tadala wabwera ndi mwamuna wake kudzatsanzika. Sanakhale n'komwe pansi. Wamanga chitenje pamwamba pa diresi, wadula maliboni anga, watsegula boneti. Wayang'ana injini yowalayo nthawi yaitali.

"Azakhali?"

"Azakhali."

Wapempha sipanala ya teni. Mkamwini wanga, munthu wa mu ofesi, wapatsira pulayala. Aphunzira.

Wazula mawaya anayi aja, akuwabwezera akung'ung'udza, "Wani, filii, folo, thuu," kanyimbo kamene bambo ake ankamuimbitsa ali wamng'ono. Ine zaka zonsezi ndimayesa amamuphunzitsa kuwerenga molakwika, osadziwa kuti ndi ndondomeko ya mawaya. Kenako wapisa chala pansi pa disitiributa, wapapasa, wamwetulira. Akuti adadi anakhomapo kabowo ndi msomali. Kyutekisi uja anali wongothandiza maso. Watembenuza pang'ono, wamanga. A Saidi abwereketsa batire la m'boti.

"Lizani, Amayi."

Kamodzi kokha. Yalira! Kulira komwe kuja kumene ndinkakumvera kutali kumsewu, n'kudziwa kuti nditereke madzi osamba.

Zonsezi mphindi khumi.

"Mukadangondiimbira Lachiwiri, Amayi."

Watsegula kachikwama kake, watulutsa kyutekisi wa pa ukwati, wadontheza kadontho kofiira pamalo paja. Wandigwira dzanja, wandikhudzitsa pambali pake. "Ndi apa. Muzipadziwa, ine ndikhala kutali. Ndipo azakhali muziwapatsa mapoto."

Apita ku Lilongwe pa galimoto ya hayala ija. Zikhadabo zake zinali bii.

ANaphiri akuuza anthu kumjigo kuti injini ikulira bwino chonchi chifukwa ndi yoyera. Ndilibe mphamvu zokangana.

Galimoto ili pabwalo, ikulira, ndipo ndilibe kopita. Asodzi abwera kudzatenga chingwe chawo, akufunsa ngati pali ukwati wina. Ndakhala pa khonde kuimvera. Petulo akutha, ndikudziwa. Ilire kaye pang'ono, m'nyumbamu mwangoti zii.