Nkhondo ya Chitseko cha Kumanzere

Tcherani khutu, mibadwo inu! Munali m'masiku aja pamene nyumba zinaleka kubadwa ndi pensulo n'kuyamba kubadwira m'kompyuta, m'kaofesi ka pamwamba pa sitolo ya penti.

M'menemo munkalamulira Wamanzere, wojambula mapulani, Mkango wa Rula, Iye Wosafufuta Mzere. Pambali pake pankakhala mlamu wake, Namondwe wa Mabatani, amene anaphunzitsa kompyuta lamulo ili: chipinda chilichonse chikhale bokosi lofanana ndi linzake, chitseko kumanja, ndipo kuseri kwa chitseko kumere chipinda china. Pokhotera kumanja kokhakokha, chachinayi chinkakumana ndi choyamba. Nyumba yatha.

Wamanzere zinkamuwawa.

"Alamu!" anabangula atakwera pampando. "Ndapirira sizasi. Ndapirira kupereka moni ndi dzanja lobwereka. Koma mtundu wanga uzikhotera kumanja ngakhale m'nyumba zojambula ine?"

"Tsikani mungagwe," anatero Namondwe. "Mukakhudza lamulo mwakhudza nyumba yonse. Mayi aja akubwera masana kudzatenga pulani yawo ya zipinda zinayi."

Namondwe atatuluka kukagula shuga, ngwazi inayandikira kompyuta. Ndi chala chimodzi, cha kumanzere, inawonjezera palamulo lija kuti: chitseko chinanso kumanzere. Inadina batani losindikiza.

Ha! Chipinda chinabala ziwiri, ziwirizo zinabala zinzake, ndipo papepala nyumba ija inalumpha mpanda, inameza bwalo la aneba, inawoloka msewu osayang'ana uku ndi uku, makina akulavula mapepala mpaka m'mawondo.

"Mayo ine! Alamu, mwatani?" anakuwa Namondwe pakhomo.

"Ndamasula anthu anga!"

"Anthu anuwo agona m'chipinda chiti? Chimbudzi chili kuti?"

Chimbudzi panalibe. Makina anatsokomola, n'kufa.

Pamasitepe panamveka nsapato za mayi aja. Adaniwo anayang'anizana. Msangamsanga anapangana za mtendere: chitseko chibwerere pakale, kumanja, koma chikhale chokankhira m'mbali, kuti dzanja lililonse lizichitsegula mwaulemu. Wamanzere anachijambula yekha ndi pensulo papulani yakale ya zipinda zinayi, misozi ya chipambano ili m'maso.

Awiriwo anayala mapepala a nyumba yosathayo patebulo ngati nsalu, anafunditsa makina omwalirawo thaulo, nagundanitsa makapu a tiyi. Mayi aja anapatsidwa mpando wa mlendo wolemekezeka.

Iwo anayang'ana pulani ya zipinda zinayiyo nthawi yaitali.

"Chabwino ndithu, achimwene. Nanga chitsekochi ndizichikankhira mbali iti?"

Wamanzere anaika kapu pansi. Anayamba kukwera pampando.