Belu langa linachotsetsa munthu ntchito

Mpaka lero ndikakumana ndi a Jafali pa siteji ya kabaza ku Khombedza, ndimangoyang'ana pansi ngati ndataya singano.

Ine ndine mphunzitsi, koma matenda anga ndi timawaya. Nditagula kakompyuta kochepa ngati bokosi la machesi, ndinakalumikiza ku belu lamagetsi kuti kaziliza kokha kusukulu kwathu. Wogulitsa anandiuza kuti ndigulenso kawotchi kake ka batire. Ndinakana (umbombo, abale, si nzeru). Ndinati kaziwerenga masekondi kokha, kuwerenga n'chiyani?

Ahedi athu, mayi osaseka ndi wochedwa, anakondwa. "Kompyuta sinama," anatero pa asembule.

Patatha masiku atatu ndinaona kuti belu likulira msanga ndi mphindi zitatu. Munthu wanzeru akanakonza pomwepo. Ine ayi, chidwi chinandigwira. Kodi kakompyutaka kakuthamangira chiyani? N'kutentha kwa Salima kuno? Ndinakaika pamthunzi, ndinakakupiza ndi katoni, tsiku lina mpaka ndinakakhazika pambali pa mtsuko wa madzi ozizira. Kankangothamangabe, mphindi imodzi tsiku lililonse, ine n'kumasangalala kuti ndikutulukira zinthu.

Aphunzitsi anzanga sanadandaule, poti tinkaweruka msanga. Amene anapsa ndi a Jafali, omwe ankanyamula ahedi panjinga m'mawa uliwonse. Sabata yachiwiri ahedi anapeza asembule itayamba, ana onse maso pa iwo.

"A Jafali, mwakalamba, miyendo yatha!"

"Wallahi mayi, ndikupalasa ngati kale. Taonani foni yanu."

"Foni ingapose kompyuta? Mawa musabwere."

Ndinali pomwepo, ndinamva zonse. Manyazi ake! Bambo wa ana asanu kuluza kasitomala wa tsiku ndi tsiku chifukwa cha kafukufuku wanga wa pamtsuko.

Ndinapirira masiku awiri, lachitatu ndinakagogoda ku ofesi n'kuulula. Ahedi anavula magalasi.

"Ndiye mumadziwa?"

"Ndimafuna ndione kuti kafika pati, mayi."

"Kafika pa inu. Pitani mukawapepese."

Ndinapita. A Jafali anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka mpaka kugwira chishalo. "Aphunzitsi, ndakhululuka. Koma ndapeza kale mayi wa usipa, amalipira bwino komanso satukwana miyendo yanga. Mwezi uno ndine wake."

Ndiye mwezi wonsewo ahedi anafika kusukulu pa njinga yanga, wopalasa ine, thukuta kamukamu, iwo kumbuyo atagwira foni n'kumandiwerengera mphindi mokweza.

Kawotchi ka batire ndinagula, ndipo belu likulira bwino. Koma chomwe kakompyuta kaja kankathamangira sindinachipezebe, ndipo kakompyuta kena kali pansi pa bedi, kakuwerenga masekondi. Ahedi musawauze, miyendo yanga sinachire.